Tsiku Limene a Gundula Anagwetsa Buku

Mukafika ku Rodenau n'kutchula dzina la a Gundula Lindner, woyamba kukuyankhani anena kuti, "Aa, agogo aja anagwetsa buku pa konsati?" Wachiwiri aseka. Basi, zathera pomwepo. Munthu wagwira ntchito zaka 36 osajomba ngakhale tsiku la chimfine, anthu n'kumukumbukira ndi buku logwa! Pakamwa pa anthu a tauni ino mpofunika burashi yokwechera pansi. Nkhani yeniyeni inakhala yobisika zaka ziwiri, koma munthu amene inkamutchinjiriza anapuma kale pa ntchito ndipo anavomera yekha kuti ituluke. Ndiye tcherani khutu, osadula mawu.

Ntchito ya a Gundula inali yonong'oneza. Musaseke, ndi ntchito yeniyeni, ya malipiro ndi penshoni yomwe. M'nyumba yathu ya opera, ya masewero ochita moimba, kutsogolo kwenikweni kwa siteji, panali kabokosi kotumphuka ngati chigoba cha kamba, kotseguka mbali ya oimba yokha. Kunsi kwake kunali kampando, kanyale ndi buku la sewero lonse. Wokhala mmenemo amangotulutsa mutu ndi manja, mphuno yake ili pa msinkhu wa nsapato za oimba. Woimba asanatsegule pakamwa, iye amamuponyera mawu oyamba a mzere, kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso. Ukafulumira wamusokoneza, ukachedwa wamupha. Ndiponso mawuwo azipita kwa woimba yekha. Akangobwerera n'kugwera m'makutu mwa anthu ogula matikiti, walephera ntchito, pita ukagulitse soseji pamsika.

Luso limeneli sanaliphunzire ku sukulu ya nyimbo ayi. Anatuluka sukulu ali ndi zaka 16 n'kulowa m'fakitale yoluka nsalu, ija inagwetsedwa pomwe lero timaimikapo magalimoto. Mmenemo makina ankalira moti ngakhale ukuwe chotani, mnzako wa pambali sakumva. Azimayi a mmenemo anali ndi njira yawo: kuyang'ana milomo, ndi kutsitsa mawu kuti adutse kunsi kwa phokoso m'malo molimbana nalo. Miseche yonse ya m'tauni inkayenda choncho, kapitawo ali pomwepo osatola kanthu. Kuwerenga manotsi a nyimbo anaphunzira kukwaya ya pafakitale pomwepo. Ndiye mu 1979, mkulu amene ankakhala m'kabokosi kaja atadwala msana, a opera anapempha fakitale kuti iwabwereke mtsikana wodziwa manotsi kwa milungu iwiri. Milungu iwiriyo inatha mu 2015.

M'kabokosi kaja anaona zonse. Anapuma fumbi la mafumu ndi la asilikali, anadonthezeredwa thukuta la anthu ofa ndi chikondi, ndipo tsiku lina lupanga la thabwa linawapeza pachipumi iwo osasiya kuwerenga. Nkhope za oimba ankazidziwa, koma mapazi ankawadziwa koposa. Ankati nkhope imanama chifukwa inachita kuphunzitsidwa, koma phazi silinapite ku sukulu. Munthu akatsala pang'ono kuiwala, loyamba kudziwa ndi phazi.

Amuna awo a Eckhard, amene anayendetsa basi ya nambala 4 mpaka kupuma, amadandaula mpaka lero kuti chikwatirane sanamalizepo chiganizo. "Ndikangoti, 'Gundi, kodi...' iye wayankha kale kuti, 'Ali pamwamba pa firiji.' Magalasi anga amenewo! Ine mwini wake ndisanadziwe n'komwe kuti ndikufuna magalasi!" Abusa nawo anachita kuwapempha kuti azikhala kumbuyo m'tchalitchi, chifukwa akangopuma pang'ono pa ulaliki, mawu otsatira ankawapeza kuchokera pa benchi yachiwiri.

Wieland Harnisch anafika kuno mu 1988, mnyamata wa zaka 27 wochokera kumpoto, mwana wa wogulitsa nyama, wamtali ngati chitseko cha tchalitchi. Mawu ake anali a besi, koma besi yotha kukwera. Akatsika mipando inkanjenjemera, akakwera nkhalamba zinkaiwala kutsokomola. Koma mutu! Mutu unali sefa. Zaka zinayi a Gundula anamunyamula mzere ndi mzere ngati mwana wophunzira kuyenda. Malire a dziko atatseguka, anthu n'kuyamba kuloledwa kutuluka, anapita, monga anapitira onse a mawu abwino. Anaimba m'mizinda ikuluikulu, anaphunzira kusunga mawu m'mutu, anapatsidwa dzina laulemu la Kammersänger limene amapatsa oimba otchuka okhaokha, ndipo Khirisimasi iliyonse ankatumiza khadi. A Gundula makadiwo ankangowaika m'bokosi la nsapato. Wodzitama nawo anali a Eckhard, m'basi, kwa anthu amene sanafunse.

Ndiye mwezi wa Okutobala, zaka ziwiri zapitazo, mapepala anamatidwa m'tauni monse: Harnisch akubwerera kumene anayambira, Lamlungu 11 koloko m'mawa, nyimbo zosankhidwa za m'maopera a Chijeremani, iye ndi piyano basi. Matikiti anatha tsiku limodzi. A Gundula anapeza awiri a m'mipando ya kumwamba ndipo anali okhutira kwambiri. Anali asanamuonepo Wieland mmene anthu ena amamuonera. Iwo ankamudziwa kuchokera kunsi kwa chibwano.

Lachinayi masana ali kukadimba kawo kuseri kwa njanji, akukumba mizu ya maluwa chisanu chisanaiphe, pachipata panaima chimunthu chovala chipewa chotsitsa mpaka m'maso.

"Ngati mukugulitsa inshuwalansi, amuna anga anamwalira kale," anatero a Gundula osadzutsa mutu.

"Ndili muno ine!" anakuwa a Eckhard m'kanyumba ka zida.

"Gundi," chinatero chimunthucho.

Liwu limodzi lomwelo linakwana. A Gundula anazika fosholo pansi n'kupukuta manja pa epuloni.

"Wieland! Iwe, kunenepa kumeneku? Akukudyetsa chiyani kumeneko, oimba anzako?"

"Nawenso wafupika, nkhalamba iwe. Kapena ukadali m'bokosi?"

Anthu a m'nyumba ya opera saitanana "inu", ngakhale wina akhale ndi mendulo mpaka pamchombo. Anakumbatirana, matope a epuloni n'kusamukira pa jasi lodula. A Eckhard anatulutsa khofi wa m'fulasiki ndi makapu osafanana. Mlendo anakhala pa benchi, benchi inalira. Anacheza za amene anafa, za amene anasudzulana, za denga la nyumba ya opera limene likudonthabe pamalo omwe aja. Koma a Gundula ankayang'ana pansi. Chidendene cha kumanzere cha Wieland chinali chitanyamuka pang'ono, chikunjenjemera.

"Nena," anatero. "Sunabwerere khofi wa Ecki, palibe amene angayende mtunda kudzamwa zimenezi."

Wieland anavula chipewa.

"Zayambiranso, Gundi. Mutu uja. Mwezi wa Meyi ndinaima pamaso pa anthu zikwi ziwiri, mawu n'kungoti zii. Ndinang'ung'udza zopanda pake mpaka anabwerera. Nyuzipepala ina inalembapo kachiganizo kamodzi. Akalembanso kachiwiri, ndatha. Oitana oimba ku makonsati amangosiya kuimba foni, osakuuza chifukwa. Ine ndikufuna chaka chimodzi chokha, ndisiye ndekha, nditaima ndi miyendo yanga, osati kuchita kukankhidwa."

"Ika buku patsogolo, uziwerenga."

"Nyimbo zimene ndaimba zaka makumi atatu? Kulibwino ndikwere pa siteji nditapachika chikwangwani pakhosi cholemba kuti ndakalamba."

Ankanena zoona. Woimba wa opera akaika buku patsogolo pa nyimbo zake zomwe, omvera athuwa amayamba kumuwerengera masiku.

"Kabokosi anakhomerapo matabwa chaka chimene ndinachoka," anatero a Gundula. "Ukufuna ndikhale pati, m'thumba mwako?"

"Pambali pa woimba piyano. Uzitembenuza masamba. Palibe amene amayang'ana pakamwa pa wotembenuza masamba."

A Gundula anakanda matope ouma pa epuloni. Kunong'oneza sikunali vuto. Vuto linali kukwera pamwamba. Zaka 36 anakhala kunsi kwa siteji, munthu osawaonapo ngakhale tsitsi, ndiye lero akhale pa magetsi, anthu mazana asanu ndi limodzi akuwayang'ana maondo?

"Pita, Gundi," anatero a Eckhard. "Dziko lione zimene ndakhala ndikupirira."

"Koma asadziwe munthu," anatero Wieland. "Ngakhale mmodzi. Akangodziwa kuti Harnisch akuyenda ndi womukumbutsa, n'chimodzimodzi kuiwala komwe."

"Unayamba wamvapo kuti wina wandimva ine?" Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Ndipo iwe Ecki, pakamwa pako paja ngati chitseko cha basi. Ukangotsegula, udzadya wekha mpaka imfa."

A Eckhard anakweza zala ziwiri kulumbira.

Loweruka anakayeserera. Woimba piyano anali Malte Dorn, bambo woonda wa zaka makumi anayi, wa manja oyera ngati sanagwirepo mbale. Iye za chiwembuchi ankadziwa, panalibe kuchitira mwina, koma sizinamusangalatse. Awiriwa ankaitanana mwaulemu wa Chijeremani, Frau kwa mayi, Herr kwa bambo.

"Frau Lindner, tsamba mumaligwira pakona ya pamwamba, ndi dzanja lamanzere, mutaimirira. Ndikagwedeza mutu, osati ndisanagwedeze. Ndipo chonde, osanyambita chala."

"Herr Dorn, ine ndinkatembenuza masamba inu musanamere mano."

"Munkatembenuza anu. Awa ndi anga."

Anayamba. Pampando watsopanowo a Gundula sankaona nkhope ya Wieland, ankangoona msana ndi khosi. Koma akapendeka pang'ono, kunsi kwa piyano kunkaoneka nsapato ziwiri zazikulu, ndipo zimenezo zinawakwanira. Anatsitsa mawu monga ankachitira m'fakitale, n'kuwaponya modutsa pamwamba pa piyano. Wieland anawalandira. Malte, amene anali pafupi kwambiri, anachita kutembenuka.

"Mwanena kanthu?"

"Inu imbani piyano."

Zonse zinayenda mpaka pa nyimbo yomaliza, ya nkhalamba yoolotsa anthu pamtsinje, imene imapeza kuti mlendo ali m'bwato ndi mwana wake amene anasowa kale. Ndime ziwiri zoyamba n'zofatsa. Koma ndime yachitatu isanayambe, piyano imachita mkuntho, manja onse awiri kumenya ngati akuswa miyala, ndipo woimba amalowa mkunthowo uli pakati.

"Apa sundimva," anatero a Gundula. "Ngakhale ndikuwe."

"Apa sindinaiwalepo chibadwire," anatero Wieland. "Ngakhale undidzutse kutulo."

Anayesa katatu, katatu konse analowa bwinobwino. A Gundula anangotenga pensulo n'kuzunguliza malowo m'buku, Malte akuyang'ana ngati akumulemba pakhungu. Iwo ankadziwa kuti malo amene woimba amalumbirira ndi amene amamudya.

Lamlungu linacha ndi kamvula kowaza. Pofika hafu pasiti teni, makoti onyowa anali atadzaza kale kosungira zovala, ndipo m'holo monse munkanunkha perefyumu ndi maswiti a chifuwa. Tauni yonse inalipo: a meya ndi akazi awo, madokotala, aphunzitsi opuma, ndi a Frau Pabst a ku bekale pa mzere wachitatu, atavala chipewa choti wa kumbuyo kwawo analipira tikiti kudzaona nthenga. Aliyense anali atasiya nyama pamoto wochepa kunyumba, chifukwa kuno konsati ya Lamlungu iyenera kutha isanakwane wani koloko, apo ayi woimba aimbira mipando. Pa mzere wachisanu panakhala bambo wachilendo wa kabuku pabondo, wolemba nyuzipepala wochokera ku mzinda waukulu. A Gundula anamuona pa kabowo ka katani, ndipo Wieland anamuonanso.

"Ndi yemwe uja," anatero Wieland. "Wa mwezi wa Meyi."

"Musiye alembe. Werama."

Anawerama, a Gundula n'kumulavulira katatu pamwamba pa phewa lamanzere monga mwa mwambo wa anthu a siteji, iye osathokoza, pakuti kuthokoza kumaitana tsoka. Kenako chitseko chinatseguka.

Wieland anatuluka, holo inaphulika. Malte anatsatira. Pambuyo pake panabwera a Gundula ndi diresi lakuda la pamaliro. Magetsi anawamenya m'maso moti mpando anachita kuufufuza ndi dzanja. Anamva kunong'ona pa mzere wachitatu, ndipo munthu wa ntchito yawo sangaphonye kunong'ona: "Si Frau Lindner awo? Akutani pamenepo?" Koma piyano itangoyamba, mantha onse anathawa. Panali buku, panali mapazi, panali ntchito.

Ndipo anaimba mwana wa wogulitsa nyama uja! Anaimba mfumu yotopa ndi ufumu, anaimba chidakwa chotamanda vinyo mpaka a meya kugwedeza mimba, anaimba bambo wotemberera mdani wake ndi mawu otsika moti m'mano mwa anthu munachita nyerenyere. Mawu anali atakalamba, inde, koma ngati thabwa la tebulo labwino, limene limachita kuwala ndi zaka. M'chigawo choyamba chidendene chinanyamuka kanayi. Kanayi konse a Gundula anaponya mawu, mutu uli pa buku ngati akuwerenga manotsi, milomo ikungosuntha pang'ono. Kanayi konse Wieland anawakha osagwedera. Bambo wa kabuku ankangolemba, nkhope yake yosasonyeza kanthu.

Pa nthawi yopuma anthu anakamwa vinyo wa thovu pakhonde. Wieland anamwa madzi ofunda, malaya ali chonyowa.

"Zikuyenda, Gundi."

"Usawerenge nkhuku zisanalowe m'khola. Sintha malaya, ukununkha ngati hatchi."

Chigawo chachiwiri chinayenda bwino kuposa choyamba. Nyimbo zitatu chidendene chili pansi phee. A Gundula anayamba ngakhale kumvetsera, chinthu chimene wonong'oneza sachita, chifukwa ukamvetsera ukoma wa nyimbo wasiya ntchito. Kenako inafika ya woolotsa anthu. Ndime yoyamba, bwino. Yachiwiri, bwino kwambiri, moti mayi wina kumwamba anayamba kufwenthera. Malte anakweza mapewa n'kugwetsa manja pa piyano, mkuntho unayamba.

A Gundula anapendeka kuyang'ana kunsi. Chidendene cha kumanzere chinali m'mwamba, chikunjenjemera ngati tsamba.

Anaponya mawu. Piyano inawameza. Anatsitsa liwu n'kuponyanso, mwamphamvu mmene akanathera popanda mzere woyamba kumva. Khosi la Wieland silinagwedere. Sanamve. Panatsala kanthawi koti munthu n'kupuma kanayi, ndipo pambuyo pake chimphona chija chikanatsegula pakamwa popanda chotuluka, pamaso pa tauni imene inamulera ndi pamaso pa kabuku kaja.

Malte anagwedeza mutu kuti tsamba litembenuzidwe. A Gundula anaimirira, anatambasula dzanja lamanzere, anagwira pakona ya pamwamba monga anauzidwira. Ndiyeno m'malo mokoka tsamba, anakankha buku lonse.

Linagwera pa makiyi kaye, piyano n'kulira ngati mphaka wopondedwa mchira, kenako linatsetsereka n'kukagwa pansi, phu! Masamba omata ndi tepi anabalalika mpaka pa mapazi a woimba. Malte anatsala manja ali m'mwamba. M'holo munangoti zii, wina n'kuti, "Mayo!"

A Gundula anazungulira piyano mothamanga, mmene nkhalamba ya zaka 71 ingathamangire, n'kugwada pansi kutola masamba.

"Pepani, Herr Kammersänger! Pepani kwambiri! Manjawa!" anatero mokweza kuti ndi a kumwamba omwe amve.

Tsopano anali pamalo awo akale, mphuno pa msinkhu wa nsapato, msana kwa anthu. Anatsitsa mawu, mutu uli pansi.

"'Kwera, mwana wanga, madziwa sindiwaopanso.' Kawiri. Kenako, 'Ndipalase ndine.'"

Chidendene chinatsika.

Wieland anawerama, anawagwira pachigongono n'kuwadzutsa mwaulemu ngati mfumukazi, anatola yekha tsamba lomaliza n'kuwapatsa. Kenako anatembenukira kwa anthu, akumwetulira ngati munthu amene palibe chingamusunthe.

"Amayi ndi abambo, bwato lagunda mwala. Palibe wamira. Tipalasenso."

Holo inaseka, inaomba m'manja. Malte, makutu ali psu ndi ukali, anasanja masamba ake n'kuyambiranso mkuntho, ndipo ulendo uno anamenya piyano ngati akumenya munthu. Wieland analowa pamalo pake penipeni. Mmene anaimbira ndime imeneyo, anthu amene analipo akukanganabe mpaka lero ngati anayamba amvapo zotere. Nyimbo itatha, mapazi a omvera anayamba kugunda pansi pomuyamikira. Anamuitana kasanu kuti abwerere pa siteji. Nthawi inapitirira wani koloko, nyama zinapserera m'nyumba zambiri, ndipo palibe anadandaula.

Kuseri, chitseko chitangotsekedwa, Malte anaphulika.

"Zaka makumi awiri! Zaka makumi awiri ndikuimba, sindinachititsidwepo manyazi otere! Ndinanena ine kuti tipeze munthu wodziwa! Dzanja lamanzere, pakona ya pamwamba, n'chovuta chiyani pamenepa?"

"Malte, tseka pakamwa," anatero Wieland. Anali atakhala pa mpando, thaulo lili kumaso. "Munalibe kanthu m'mutu muno. Ngakhale liwu limodzi. Ndinkangoona khoma loyera."

Malte anayang'ana Wieland, anayang'ana a Gundula amene ankadzipukuta fumbi m'maondo, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Mwachita dala?"

"Herr Dorn, buku lolemera choncho siligwa lokha. Tepi yanu ndi yosalimba, mugule ina."

Wieland anachotsa thaulo. Maso anali ofiira.

"Akuseka iwe kunjaku, Gundi. Ndawamva. Sindingalole. Ndipita pakhonde pomwepo ndikawauze."

"Ukawauze chiyani? Kuti maondo anga ndawapweteka pachabe? Khala pansi, chitsiru iwe. Unapempha chaka chimodzi, ndakupatsa, ndiye ukufuna ukachitaye pakhonde chifukwa cha Frau Pabst? Ine andiseke, ndili ndi konsati yanji mawa? Ndani asiye kundiimbira foni? Amandiimbira ndi mchemwali wanga yekha, ndipo akasiya ndithokoza Mulungu."

"Koma dzina lako..."

"Dzina langa silinalembedwepo pa pepala lililonse la pakhomo pano, ndipo ndagona tulo tabwino zaka zonsezi. Pukuta kumaso, a meya akudikira kukugwira dzanja. Ndipo upeze munthu wokhala pampando umenewu kumene ukupitako, wamakutu, osati wokongola."

Wieland anapita kukagwira dzanja la a meya. A Gundula anatulukira khomo la kumbuyo, kumene a Eckhard ankawadikira ndi ambulera. Anayenda mpaka pa siteshoni ya basi. Kenako a Eckhard anati, "Zaka 48 tili m'banja, sunagwetsepo ngakhale kasupuni."

"Ndakalamba."

"Eya. Wakalamba." Anawagwira mkono, ndipo sanafunsenso.

Nyuzipepala inatuluka Lachiwiri. A Eckhard anaigula m'mawa n'kuiwerenga ali chiimire panja pa sitolo, magalasi ali kunsonga ya mphuno. Bambo wa kabuku uja analemba kuti Harnisch akadali mwini siteji, kuti mawu ake ndi mutu wake zili m'malo, kuti mphekesera za mwezi wa Meyi zikwiriridwe. Analembanso kuti ngakhale mayi wina wokalamba wotembenuza masamba, amene mwachionekere ntchitoyo inamukulira, atagwetsa buku pakati pa nyimbo, katswiriyo sanatekeseke, ndipo oyang'anira nyumbayo aziganiza bwino posankha anthu.

"Inamukulira!" anakuwa a Eckhard, njiwa n'kuuluka. "Kamunthu kameneka! Kolemba ndi dzanja limodzi, lina likukanda! Ndikalembera kalata, kadziwe kuti..."

"Ukalembera chiyani? Tiye tikagule buledi."

Ku bekale kunali mzere mpaka pakhomo, ndipo atangolowa, nkhani imene inali mkati inaduka ngati wailesi yozimitsidwa. A Frau Pabst anatambasula manja kuseri kwa kauntala.

"Frau Lindner! Wotchuka wathu! Mpaka m'nyuzipepala! Bwerani kutsogolo, apatseni njira. Buledi wake ndikumangireni chingwe, kapena abambo anyamule? Tingamve phu pamsewu."

Mzere wonse unaseka. Mkulu wina wopuma pa ntchito ya positi anawonjezera kuti iye akanatha kutembenuza bwino ndi magolovesi a m'chisanu. A Eckhard anafufuma, khosi linafiira, pakamwa panayamba kutseguka. A Gundula anawaponda phazi ndi chidendene, mwamphamvu, osawayang'ana.

"Mangani kawiri, Frau Pabst," anatero. "Manjawa sakhulupirikanso. Ndipo mutipatse keke ya mapulamu, magawo awiri, ndi kirimu pamwamba. Tidyera pompano."

"Keke Lachiwiri? Mukukondwerera chiyani?"

"Njala basi."

Anakhala pa katebulo ka pawindo, anthu akuwaba ndi maso. A Eckhard ankapumabe ngati basi yokwera phiri, akusisita phazi lopondedwa. A Gundula anawakankhira mbale, anadula keke yawo ndi foloko, n'kuloza nyuzipepala ndi chibwano.

"Werenganso, Ecki. Za mayi wokalambayo udumphe. Uyambire pamene akuti mutu wake uli m'malo."

A Eckhard anawerenga, monyinyirika poyamba, kenako mokweza kuti bekale yonse imve. A Gundula anamvetsera maso ali pawindo, akutafuna pang'onopang'ono, ndipo anadya keke yonse mpaka nyenyeswa.